Mtedza wa Chitute

Nkhani iyi anandiuza ndi mayi wina dzina lake Benedicta, tili kumbuyo kwa matola, ine nditakhalira thumba lake la usipa. Akuti chaka cha njala chija, kwawo ku Mlonyeni, a Greyson anatenga mtedza wa mbewu m'nyumba n'kukaukwirira patsinde pa chulu kumunda, kuti adzausinthe ndi wailesi kwa dalaivala wina wa pa boda ya Zambia. Kunyumba anati waba ndi mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, ndipo analumbira pagulu mpaka mlamuyo analeka kuponda pakhomopo. Tsono m'mawa wina mu Okutobala, akufika kumunda, anapeza akazi awo a Esitele atagwada pafupi ndi chulu chomwecho, khasu lili m'manja.

"Amake Maria! Mukutani pamenepo?"

"Ndikukumba."

"Ndaona kuti mukukumba. Mukukumba chiyani?"

"Dothi, bambo. Chitute chili m'kati." Anawaonetsa mtedza m'lichero. "Taonani nkhokwe yake."

A Greyson anayeza ndi maso. Una wa chitutewo unalunjika kuchulu, patangotsala mapazi khumi.

"Paja ndinati mukasose kumtunda uko."

"Ndasosa. Pobwera ndaona dothi latsopano pa una, ndi timapazi. Chitute chikamatuta chimadzaza m'masaya, ndiye wina chimagwetsa m'njira. Ndangotsata."

"Basi mwapeza. Kazipitani mukaphike."

"Aa, kankhokwe aka n'kapanjira. Una ukupitirira."

Khasu linati phu!

"Muli njoka mmenemo!"

"Mwaiona?"

"Ndikuimva m'thupi."

"Una wa njoka umakhala wosalala, bambo, wopanda timapazi. Komanso njoka siyenda ndi mtedza m'masaya. Ilibe masaya."

"Mukuphunzitsa ine? Ine ndinayamba kukumba mbewa inu musanamere mano!"

"Ndiye gwirani khasu."

A Greyson anabisa manja kumbuyo. "Msana."

Mayiwo anakumbanso, kenaka anaima n'kugwira chibwano.

"Koma chinthu chimodzi chikundizunguza. Munda uno chaka chino munali fodya. Mtedzawu chautenga kuti?"

"Ku Zambia," anayankha a Greyson, akuloza kuseri kwa mabulugamu.

"Kanthu ka timiyendo tatifupi chonchi?"

"Chimalawirira."

"Nanga makoko ali kuti? Chitute chimatuta ndi makoko omwe. Uwu ngwoswa kale, wosankha bwino, palibe wowola ndi umodzi womwe."

"Zitute za ku Zambia zimaswiratu. Zimapepukitsa katundu."

"Ha! Anzathu aja ngotsogola ndithu," anatero a Esitele akugwedeza mutu, khasu lili m'mwamba.

"Eya, ndiye dziwani kuti ndi katundu wozembetsa ameneyo. Apolisi akumangani."

"Chazembetsa ndi chitute, ine ndangopeza. Akabwera ndiwalozera una. Tasunthani, mwaponda pomwe ndikufuna kukumba."

"Sindisuntha."

"Ndiye kaimeni apo pa mbuli, pomwe chimathawira chikapanikizika. Chikatuluka mumenye."

A Greyson anathamangirapo mosangalala, poganiza kuti chitute chikafa ntchito ithera pomwepo. Asanatole n'komwe mtengo, kanthu kotuwa, masaya ali tububu, kanadutsa pakati pa miyendo yawo n'kulowa m'tchire.

"Chathawa! Basi, zatha. Tiyeni kunyumba."

"Yathawa ndi ndiwo, bambo. Mbewu ilipo."

Panatsala mapazi atatu kuti una ufike pachulu. Thukuta linawatsika a Greyson ngati akukumba ndi iwo.

"Chulu chimenecho pali mizimu. Malume anga ankati osachikhudza."

"Si chomwechi munakumbapo dothi la njerwa za bafa?"

"Nthawi imeneyo inali isanasamukirepo."

A Esitele analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutulutsa tiulusi toyera.

"Ulusi wa thumba uwu."

"Ndi pogona pake pamenepo. Chimayala."

Anakoka. Ulusi unabwera ndi ngodya, ngodya inabwera ndi thumba lathunthu, lobooledwa ndi mano pansi pake, mtedza ukuchucha. Mayiwo analikhazika pamzere n'kulizungulira kawiri.

"Bambo a Maria, chitute chimamanga mfundo?"

"Chachikulu chimamanga."

"Ndi mphira wa chubu cha njinga?"

"Chatola pamsewu."

"Mfundo ziwiri, yachiwiri yopinda. Ngati momwe mumamangira inu nkhuni."

"Chinandionera! Chimakhala m'munda muno tsiku ndi tsiku, chingalephere kuonera?"

"Ndi thumba lomwe chinakoka chokha?"

"Zinathandizana! Kodi inu simunaonepo nyerere?"

A Esitele anaomba m'manja pang'onopang'ono. "Mulungu analenga zinthu, abale. Ndiye mukutsimikiza kuti ngwa chitute?"

"Ndinene kangati? Ngwa chitute!"

"Zikomo. Poti za chitute mwini wake ndi wokumba, ndipo inu khasu munalikana, ndithandizeni kusenza."

Anathira wa m'lichero uja m'thumba, anamanga pobooka ndi luzi, n'kusolola nkhata m'chitenje. Bambowo sanasunthe, ndiye anadzisenzetsa okha. A Greyson anaona wailesi yawo ikunyamuka ndi nyimbo zake zonse. Anayang'ana uku ndi uku ngati kuli anthu, n'kutsitsa mawu.

"Amake Maria, tatulani kaye. Mtedzawo ngwanga."

"Wanu uti?"

"Wathu uja. Wa mbewu. Ndinakwirira ndine."

Mayiwo anawayang'ana mwachisoni, thumba lili pamutu.

"Njala ija inakupwetekani, bambo. Musadzinamizire. Wathu uja anaba achimwene. Munalumbira nokha, mutagwira Baibulo."

"Ndikuti ndinakwirira ndine! Ndi khasu lomwelo!"

"Nanga chitute cha ku Zambia chija?"

"Kulibe chitute cha ku Zambia!"

"Chomwe chakudutsani m'miyendo chija?"

"Chimenecho n'cha konkuno! Chimandibera ine!"

"Ayi, ine amuna anga sanama."

"Ndinanama!"

"Liti? Tsiku lija kapena lero?"

A Esitele anatola khasu ndi lichero, n'kuyamba kutsetsereka ndi kanjira ka kudambo.

"Nanga mukupita nawo kuti? Kunyumba ndi uku!"

"Ndikadzala kumunda kwa achimwene," anayankha osacheuka. "Kuno kwachuluka mbewa."

A Benedicta ankalumbira kuti a Esitele sankadziwa kanthu, anangotsata una basi. Pamenepo ndiye ine ndimakayika. Ndayenda, ndaona mbewa zikukumbidwa malo ambiri, koma wokumba mbewa wochoka kunyumba ndi nkhata yopota kale sindinamuonepo.