Mmene nyenyezi zinathela kumwamba kwa Kacholola

Moni abale mwa Ambuye. Ine ndine wogulitsa nthochi pa Kacholola, ndipo bodza ndinasiya chaka chimene ndinabatizidwa. Chaka chatha nyenyezi zinayamba kundithela kumwamba.

Atate anandiphunzitsa kuti Nsangwe, kagulu kaja ka nyenyezi, kakatuluka kum'mawa madzulo, konza mbewu. Kuyambila ubwana ndinkaonamo zisanu ndi imodzi. Mu Okutobala ndinapezamo zitatu. Patapita milungu iwili, imodzi yokha, nayonso yodwala. Ndinadziwa kuti Mulungu wayamba kuzimitsa nyale ndipo dziko likutha. Mawondo anga anaombana mpaka agalu a ku Nyalugwe anauwa, amene anamva alipo. Mbewu sindinakonze. Ndinalapa machimo onse, ena obweleka kwa alamu anga, n'kupempha kuti, "Ambuye, nditumizileni munthu."

M'mawa basi ya ku Petauke inaima, ndipo anatsika a Daka, mphunzitsi wa sayansi wopuma nchito. Ndinawauza atenge nthochi ulele poti nyenyezi zikuzima ndipo dziko likutha.

"Zatsala zingati, bambo?" anafunsa.

"Zikuluzikulu zokha."

Iwo anati akatswili a zakumwamba amaika nyenyezi m'magulu monga ana pa mayeso: nambala wani ndiyo yowala koposa, nambala sikisi ndiyo yofooka imene diso labwino limatha kuona. Kukwela gulu limodzi, kuwala kumachuluka kawili ndi theka, moti ya wani imaposa ya sikisi ka handiledi. Masiku ano amapima ndi makina, koma diso nalonso ndi sikelo.

"Kumwamba kulibe mlandu," anatelo. "Sikelo yanu ndiyo ikuima pa nambala fili. Mawa lomwe pitani ku chipatala."

Apa mantha anakula. Kutha kwa dziko tikanathela pamodzi, koma khungu linali langa ndekha. Adokotala anapeza ng'ala m'maso onse awili. Pa tebulo la opaleshoni ndinanjenjemela mpaka anesi awili anagwila tebulolo kuti lisatuluke pakhomo.

Atachotsa nsalu, choyamba kuona chinali chakuti malaya amene ndavala ku chalichi miyezi itatu ndi bulauzi ya amai akunyumba. Mpingo wonse unangokhala chete, chikondi chake chimenecho.

Ndithokoza Mulungu amene anatsitsa a Daka pa basi. Abale, kukakudelani musafulumile kulengeza chimalizilo. Pemphelani, ndipo kapimitseni maso. Dzulo madzulo ndinawelenganso Nsangwe. Zonse zilipo, palibe anagwilako.