Dzina la Mwala ndi Chigwa: Mbiri ya Malemu Hazama Tokuji

Malemu anabadwa pa 9 February, 1938, kutsidya kwa mtsinje wa Arida uno, koma sanabadwe ndi dzina limene mwaliwerenga pakhomo polowa muja. Anabadwa ali Uenishi Tokuji, mwana wachitatu mwa amuna asanu. Ine ndaima panoyu ndine Uenishi Goro, mzime wa m'nyumbamo. Abale andisankha kuti ndiyankhule osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa ndatsala ndekha.

Anayamba sukulu mu 1944 ndipo anaisiya mu March 1953. Masamu ankawazunguza mutu, koma dzanja lawo linali lokongola polemba, moti aphunzitsi anawapezera malo kwa mmisiri wosema ziliza. Ntchito ija asanaizolowere n'komwe, pa 18 July chaka chomwecho, mvula inagumula mapiri. Achikulire muli muno simunaiwale. M'nyumba ya a Hazama, kuno ku chigwa, phiri linakwirira bambo ndi ana awo aamuna awiri. Anapulumuka ndi mayi ndi mwana wamkazi, a Fumie, chifukwa anali atapita kukamasula ng'ombe.

Pano mundilole ndinene za dzinali, pakuti ndi limene latisonkhanitsa. A Hazama alipo ambiri m'dziko muno, ndipo tanthauzo lake ndi mpata wa pakati. Monga mukudziwa, zilembo zathu zili ngati zithunzi: ena amalilemba ndi chilembo cha chipata chokhala ndi dzuwa m'kati. Ena amalemba zilembo ziwiri, chonena kupanikiza ndi chonena mpata. A nyumba ino amalemba chilembo chimodzi chimene alembi ambiri a m'tauni amachiyang'ana kawiri: mwala kumanzere, chigwa kumanja. Agogo a a Fumie anaphwanyidwa ndi mwala akulambula msewu mu 1921. Phiri litatenganso atatu aja, anthu anayamba kunong'ona kuti dzinali limadya amuna. Anyamata a m'mudzi akaona a Fumie ankakhota njira.

Nyumba yopanda mwamuna wotenga dzina imatha, ndipo manda ake amasowa wowathirira madzi. Choncho mu 1962 ankhoswe anafika kwathu kudzafuna mkamwini woti afufutidwe m'kaundula wa banja lathu, alembedwe m'kaundula wa a Hazama. Mayi athu analira ngati maliro achitika kale. Anati, “Tokuji, akazi atha padziko kodi, kuti ukadzipereke ku phiri?” Malemu anaseka nati, “Amayi, miyala ndimaimenya tsiku ndi tsiku. Ikandibwezera kamodzi, mlandu palibe.” Ukwati unachitika pa 25 November chaka chomwecho. Anthu ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mlamba uwu unakhala pafupifupi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri osasuntha.

Mu 1965 anabadwa a Shuhei, ndipo mu 1968 anabadwa a Yoriko. Mu 1970 malemu anatsegula malo awoawo osemera. Mukakwera ku manda a kachisi wathu, ziliza zitatu mwa zinayi zilizonse ndi za dzanja lawo. Anali munthu wouma mutu, ndinene poyera, pakuti akanadzuka pano akanavomera. Chosefera fumbi ankachikoloweka pa msomali, ati chimawalepheretsa kumva fungo la mwala.

A Shuhei anakula akumva manong'onong'o aja. Kusukulu anzawo ankawafunsa kuti mwala wawo ugwa liti. Mu 1984 anapita ku Osaka, ndipo mu 1994 anakwatira a Kadowaki Misa n'kutenga dzina la kuchikazi. Anachita zomwe bambo awo anachita, koma bambo awo sanazione choncho. Ku ukwati sanapite. Kwa zaka makumi atatu bambo ndi mwana sanakhale pa mphasa imodzi, ndipo uthenga wawo unkadzera mwa ine ngati ndine wa positi. Uthengawo unali umodzi chaka chilichonse: “Umuuze wathawayo kuti ngati iye akuopa, andipatse mdzukulu wanga Takuma atenge dzina.” Yankho nalo silinkasintha: “Muwauze asamale miyala yawo.”

Pa 3 March, 2011, mlamu wanga a Fumie anatisiya. Malemu anasema okha mwala wa mayina umene uli pambali pa chiliza cha banja. Analembapo agogo aja, atatu a m'phiri aja, apongozi awo aakazi, akazi awo, kenako dzina lawo lomwe, n'kulipaka utoto wofiira monga timachitira ndi dzina la munthu amene akadali moyo. Kupitirira dzina lawo anasiya malo osalala okwana mayina ena anayi. Aliyense wodutsa ankadziwa kuti malowo akudikira yani.

Mu 2019 anayamba kubanika. Kuchipatala anati mapapo adzaza fumbi la mwala. Malemu atamva anandigunda ndi chigongono nati, “Wamva, Goro? Anzanga mwala unawagwera pamutu, ine wandilowera m'mphuno. Koma wachedwa, galu ameneyu.” Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzinali ndinayamba kuliopa ngati mmene mayi athu ankaliopera.

Mwezi wathawu, pa 7 October, atavala kale kapaipi ka mpweya m'mphuno, anauza a Yoriko kuti awatengere kumanda pamodzi ndi nyundo ndi matchizulo osemera. A Yoriko anati, “Bambo, supuni ikukulemerani, nyundo ndiye mukaitani?” Iwo anati, “Iwe yendetsa galimoto, pakamwa usiyire amuna ako.” Anapita m'mawa uliwonse masiku khumi ndi limodzi. A Yoriko ankalamulidwa kutsala pachipata cha kachisi, ndipo kuchokera pamenepo ankangomva go, go, go, kenako chifuwa, kenako go, go. Pochoka, malemu ankafunditsa mwala uja lona n'kuumanga ndi chingwe.

Tonse tinaganiza chimodzi, kuti akulemba dzina la Takuma ndi utoto wofiira mwini wake asanavomere. Dzina likalowa m'mwala silituluka. Takuma ndi bambo wa zaka 27, akazi ake ali ndi pakati, ndipo mwana wodzabadwayo akuti ndi wamwamuna. A Yoriko ataimbira foni achimwene awo, a Shuhei anati, “Akalembadi mwana wanga, ndibwera ndi nyundo yangayanga. Amuna anayi anafa aja sanawakwane?” Mawu amenewa anawafika malemu.

Anagonekedwa m'chipatala pa 29 October, ndipo anamwalira masana a pa 4 November, 2024, ali ndi zaka 86. A Shuhei anafika thupi litazizira kale.

Dzulo m'mawa tinakwera kumanda anthu atatu, ine, a Shuhei ndi wansembe wa kachisi, kuti tikachotse utoto wofiira pa dzina la malemu. A Shuhei anatengadi nyundo, anaibisa m'jekete, koma ine ndinaiona. Titamasula lona, tinapeza utoto uja atauchotsa kale eni ake, bwinobwino, osasiya kadontho. Anadziwerengera kwa akufa akadapuma. Dzina la Takuma panalibe. Malo osalala aja nawo panalibe. Anawajoba ndi tchizulo kuyambira pamwamba mpaka pansi, maenje okhaokha olowa nsonga ya chala, moti palibe mmisiri padziko amene angalembepo chilembo ngakhale chimodzi.

Wansembe anati manda opanda wowalowa m'malo sakhala mpaka kale. Tsiku lina mafupa adzasonkhanitsidwa ndi a anthu opanda abale, miyala n'kuchotsedwa. Malemu ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe, pakuti ziliza zotere azizulapo zambiri ndi manja awo. Munthu amene anataya dzina la bambo ake kuti nyumbayi isathe, waitseka yekha.

Ine ndinagwira a Shuhei paphewa n'kunena kuti, “Mwana wanga, bambo ako akumasula. Phiri silikudziwanso.” Anagwada, nayendetsa zala m'maenje muja nthawi yaitali. Kenako anandiyang'ana nati, “Bambo aang'ono, nanga ine mudzandiika kuti?”

Kaya achimwene anga anakhululuka, kaya anatseka chitseko ndi mkwiyo, apita nazo. Madzi akatayika sawoleka.

Malemu asiya mwana wamwamuna, a Kadowaki Shuhei, ndi akazi awo a Misa. Mwana wamkazi, a Tamaki Yoriko, ndi amuna awo a Noboru. Adzukulu atatu, Kadowaki Takuma, Tamaki Chiharu ndi Tamaki Sae. Komanso ine mng'ono wawo. Mwamva nokha kuti pa mayina onsewa palibe Hazama.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawapirira, pakuti sanali wodwala womvera. Tikuthokoza wansembe wathu, amisiri anzawo amene anyamula bokosi, amayi a m'mudzi amene akhala pamoto masiku awiri, ndi nonse mwabwera kudzafukiza lubani. Mtembo ukatenthedwa, mafupa adzalowa m'manda pa tsiku la makumi anayi mphambu zisanu ndi zinayi chimwalirireni, ndipo tikupemphani mudzabwerenso, chifukwa m'manda amenewo simudzalowanso wina. Mvula yagwayi sinaleke chiyambire dzulo madzulo, choncho popita kumalo otenthera mtembo tidzere msewu wa kumunsi. Wa m'mphepete mwa phiri wayamba kutsika timiyala.

Achimwene, munalowa m'nyumba ya eni muli mnyamata, mwatuluka muli womaliza. Mukawapeza a Hazama kumeneko, muwafotokozere nokha zimene mwachita, ife sitingathe. Mzimu wanu uuse mumtendere.