Ndinatsukira Pampu mu Mtsinje Woima

Moni nonse a mumphakati wathu, amai ndi abambo, ndi inu a mipingo ina amene pepala ili likufikeni m'manja. Yesu Khristu atamandike! Yankhani mokweza, musachite ngati mwagona ndi njala. Ndine aNaBanda wa kuno ku Kasenengwa, uja mumati akayamba nyimbo kumbuyo kwa tchalitchi akwaya amataya mawu. Amene awerenge pepalali awerenge mokuwa monga ndilankhulira ine, osati kung'ung'udza. Umboni wanga ndi wa chaka chija cha chimanga chachikasu, chaka chimene ndinatsala pang'ono kupha mdzukulu wanga ndi manja angawa.

Mukumbuka mmene zinalili. Mvula inayamba bwino, tinabzala, chimanga chinafika m'chiuno. Titangodya Nyuwere kumwamba kunangoti mbee, ngati mbale yotsuka. Chimanga chinapota masamba ngati anyezi, kenaka chinauma chili chiriri. Tinachita novena, tinayenda ndi mtanda mpaka kudambo, ena anapita kwa asing'anga mozemba, ndikuwadziwa koma sinditchula. Palibe chinagwa. M'munda munangotsala thonje, chifukwa thonje ndi louma mutu ngati ine. Amuna anga aJere ankati, "Mai, thonje ili likapita, tapita tonse." Mbozi nazo zinali ndi njala yawo, ndiye kupopera mankhwala kunali kwa sabata ndi sabata.

Pakhomo tinali atatu: ine, aJere, ndi Eneresi, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mano akutsogolo atangoguluka kumene.

Ntchito tinkagawana chonchi: aJere apopera, ine nditsuka pampu. Chibwerere thonje m'mudzi muno, potsukira panali pamodzi, pamwala wathyathyathya kumunsi kwa mtsinje. Kumtunda kotunga madzi akumwa, pakati pomwera ng'ombe, kumunsi zochapa ndi mapampu. Alangizi ankabwera ndi kanjinga kawo kamoto, "Amai, kumbani dzenje kutali, muzithira m'menemo!" Ife tinkavomera ndi mutu, iwo akangopotoloka tinkati, "Aa, madzi apita nazo." Ndipo ankapitadi nazo. Thovu loyera lija umaliona likutsetsereka, lakhota pabango, basi lapita. Kumene linkapita sindinafunsepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Chaka chimenecho mtsinje unaima. Unasanduka mchenga wokhawokha. Tinkafukula dzenje kuti tipeze madzi, likauma tifukula lina kumunsi pang'ono, likauma tisunthanso. Anthu, ng'ombe, mbuzi, tonse dzenje limodzi. Tinatsika choncho pang'onopang'ono mpaka tinafika m'mphepete mwa mwala uja, ine osaganiza kanthu.

Ndisanafike pa tsikulo ndikuuzeni za aSakala. Awa ndi bambo wa mudzi wa kuseri kwa phiri, anagwirako ntchito ku Migodi, ntchito itatha anabwerera n'kuyamba kuotcha makala. Ankadutsa pakhomo panga ndi njinga, masaka atatu pakeliyala, ulendo wa kumsika wa ku Kapata kukagulitsa. Ine ndinkawadana koopsa. Ndikangomva njinga ija kuti kwee, kwee, ndinkatuluka ndi chipande m'manja.

"Inu amakala inu! Mwameta phiri lonse mpala! Mvula ikabwera itera pati? Mwatipha ndinu!"

Iwo, kamawu kawo kapansipansi, "Mwauka bwanji, aNaBanda?"

"Ndauka ndi njala imene mwaphika inu!"

Tsiku lina ndinawakhuthulira madzi otsukira mbale m'mapazi, madzi osowa ngati amene aja. Iwo anangoti, "Zikomo, mwandisambitsa."

Tsono linali Lachinai masana. AJere anabwera kumunda ali wefuwefu, anatula pampu, mkati mutatsalako mankhwala. Chitini chamankhwala nacho chinali chitatsala pang'ono kutha, ndipo ine ndinkachifuna chitini chija kuti ndiziikamo parafini. Ndinanyamula zonse kupita pamwala. Ndinatsuka pampu, ndinakhuthula. Ndinatsukuluza chitini kawiri, ndinakhuthula. Mutu unali pa zoti tidya chiyani, manja akungochita zimene anazolowera zaka zonse. Mchenga unamwa, ine ndinabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo ya Maria.

M'mawa mwake mudzi wonse unalawirira kusukulu kukalembetsa chimanga chachikasu cha thandizo chija, amuna ndi njinga zawo, akazi ndi masaka. Ndicho chifukwa palibe anatunga madzi m'mawa umenewo, apo bwenzi ndikunena za maliro khumi. AJere anatenga ng'ombe zathu ziwiri kukamwetsa, Eneresi akuwatsata pambuyo. Dzuwa lisanakwere ndinamva mawu amene sindinawamvepo kwa amuna anga zaka zonse za ukwati.

"Mai! Mai iwe! Thamanga!"

Anatulukira atanyamula mwana ngati mtolo wa nkhuni. Dovu lili chuu pakamwa, thukuta thupi lonse ngati wanyowa ndi mvula, timiyendo tikunjenjemera tokha. Anali atamwa ndi manja padzenje paja. AJere akuti, "Ng'ombe imodzi yagwa pomwepo, inayo ikuzungulira ngati yaledzera. Mwatsukira kuti pampu? Mai, mwatsukira kuti?"

Ndinangomulanda mwana m'manja mwawo.

Taonani tsono: ngolo ilipo, ng'ombe palibe. Njinga m'mudzi palibe. Chipatala cha masisitere ndi ulendo wakuti ukanyamuka m'mawa wapansi umafika dzuwa litapendeka. AJere miyendo yawo inali yotupa kale. Ndinawauza kuti akhale padzenje aziletsa anthu, ine ndinabereka mwana n'kuyamba kuthamanga. Ndinangofika pamphambano, mphamvu zinandithera. Ndinakhala pansi pafumbi, mwana pamiyendo, kupuma kwake kukumveka ngati madzi akuwira mumphika.

Musaganize kuti ndinapemphera pemphero labwino la m'buku. Ndinakuwa. Ndinati, "Mulungu inu! Mvula mwatimana, chimanga mwatenga, mai wake wa mwanayu munatenga, manje mufunanso kameneka? Wolakwa ndine! Nayi nkhalamba, tengani! Mai Maria, inu munanyamulapo mwana pamiyendo, simungawauze?" Kumwamba kuli zii. Ndi kamtambo komwe ayi. Ndinamutseka mwana m'maso ndi chitenje kuti ntchentche zisamutere, ndipo mumtima ndinali nditamuika kale m'manda.

Ndiye ndinamva kwee, kwee.

Ndinati mwa anthu onse a m'dziko lino, mwanditumira ameneyu? ASakala anaima, anayang'ana mwana, anamutsegula chikope. Sanandifunse zambiri. Anasolola mpeni n'kudula mphira, masaka onse atatu khu, khu, khu, pansi, makala mbwee mumsewu.

"Wamwa chiyani?"

"Mankhwala a thonje, bambo. Ndimupatse mkaka? Ndimusanzitse ndi mchere?"

"Musamupatse kanthu! Chitini chili kuti?"

"Chitini cha chiyani pamene mwana akufa?"

"Adokotala amayamba kufunsa chitini. Ndinaziona ku Migodi. Chili kuti?"

Nditawauza, anapalasa kukafika kwathu, anachitenga pakhonde, anabwerera. "Kwerani, aNaBanda. Mutu wake muupendeketse, dovu lizitsika."

Mukundidziwa thupi langa, ngakhale m'chaka cha njala sindinali nthenga. Bambo aja anapalasa. Pachitunda ankatsika n'kukankha, ine ndili pompo pakeliyala, iwo mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, thukuta lakuda likutsika m'malaya. Ndinkati, "Nditsike, bambo!" Iwo, "Khalani! Mukatsika simukweranso." Njira yonse sanatchule ndi kamodzi komwe za madzi otsukira mbale aja.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Sisitere wina wamfupi, wamagalasi, anatilandira akuthamanga. Mawu ake oyamba, "Chitini mwabweretsa?" ASakala anamupatsa. Anawerenga, anakuwira anzake, jakisoni, jakisoni wina, dilipi. Anamuvula mwana n'kumusambitsa ndi sopo. Kenaka anandiuza mosabisa, "Ambuya, tachita mbali yathu. Mukanachedwa pang'ono sitikanavutika n'komwe. Koma sindikulonjezani."

Ndinakhala pakhonde. Sisitere uja anabweranso ndi chitini chija, wachigwira ndi pepala.

"Ambuya, chithunzi ichi cha chigaza simunachione?"

"Ndinachiona, sisitere. Ndinkayesa akunena mbozi."

Sanaseke. Anati chitini chinachokera kutsidya kwa nyanja, zolembapo zili m'zinenero zitatu, chathu palibe. Anatinso mankhwala ena otere kwawoko anawaletsa kalekale m'minda mwawo, koma kupanga sanaleke, amatumiza kuno. Ndinati, "Ha! Ndiye kuti amadziwa?" Iye anangokweza mapewa n'kulowa.

ASakala anali asanapite, atakhala pansi akupukuta mapazi. Ndinati, "Bambo, ndinakutukwanani."

"Munanena zoona, aNaBanda. Phiri lija ndameta ndine ndi anzanga. Ndikaleka ana adya chiyani? Ndikapitiriza adzadya chiyani? Ndimadziwa. Koma ku Migodi ndinaona chumuni chimodzi chikutulutsa utsi osapuma, chaka ndi chaka, mbewu za m'makomboni zikupsa masamba. Ndipo amene anayenda kunja ankati chimenecho ndi kamwana, kwa azungu kuli zikuluzikulu zosawerengeka, ndi magalimoto ngati nyerere. Pawailesi akuti utsi umenewo ukutenthetsa dziko lonse, mvula n'kusokonekera. Kaya, ine sindinaphunzire kwambiri."

"Nanga utsiwo amati upita kuti?"

"Amati mphepo ipita nawo."

Abale anga, apo ndi pamene ndinalira. Ine ndinkati madzi apita nazo, iwo amati mphepo ipita nawo. Kumunsi kwa mtsinje wathu kunali anthu, zaka zonsezo akumwa thovu langa, ine osawadziwa. Kumunsi kwa mphepo yawo kuli ife, iwo osatidziwa. Koma ine mudzi wonse unandidziwa dzina. Nditabwerera akazi ankapita kukatunga madzi kumudzi wina, mtunda wautali, akadutsa pakhomo panga ankalavula. Anali ndi chifukwa. Nanga awo a machumuniwo angawalavulire ndani? Ndikakuwa pano, mawu anga amafika kuseri kwa phiri, koma kutsidya kwa nyanja safika. Ine ndilibe galimoto, ndilibe fakitale, ndi nsapato zomwe ndimavala Lamulungu lokha. Munda wouma ndi wanga.

Eneresi anagona masiku awiri osadziwa kanthu. Tsiku lachitatu m'mawa ndikumupukuta kumaso, anatsegula maso n'kunena, "Ambuya, mukununkha." Ndinakuwa mpaka odwala a chipinda china anatuluka ndi madilipi awo m'manja. Sisitere akuti, "Ambuya, pano ndi pachipatala!" Ine, "Ndisiyeni, mwana wanditukwana, ali moyo!"

Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Ng'ombe yachiwiri inafanso, aJere analima ndi khasu mpaka anatisiya. Mtsinje uja chiyambire pamenepo umayenda mwezi umodzi, iwiri, basi wagona. Mvula imabwera ngati mlendo wokwiya, mwina kuchedwa, mwina kugwa yonse tsiku limodzi n'kukokolola mizere. ASakala akuotchabe makala, manje amakadula kutali kwambiri. Ine thonje ndikulimabe, mankhwala ndikupoperabe, chifukwa ndikaleka ndidya chiyani? Dzenje lothiramo ndinakumba kuseri kwa chulu, zitini ndimaboola ndi msomali n'kukwirira. Ndi zokhazo zimene nkhalamba ingathe. Zakutsogolo sindikuziona bwino, ndisaname pamaso pa Mulungu.

Koma ndikuthokoza. Ndinapempha mokalipa, Iye anayankha, ndipo anayankha ndi munthu amene ndinkamutukwana. Zikomo Mulungu, zikomo Mai Maria, zikomo aSakala ndi masisitere aja. Inu amene muli pamphambano lero, mtolo wanu uli pamiyendo, musaleke kukuwa ngakhale kumwamba kuli zii. Limbikani, ndipo musasankhe njinga yokwera.

Mukaona zilembo za pepalali zikupendama, musaseke. Ine sukulu sindinapondeko, akulemba ndi Eneresi, ali giredi sikisi, ndipo dzanja lake lamanja limanjenjemerabe chichokere tsiku lija. Zaka zonsezi sindinamuuzepo kuti anatsukira pampu padzenje paja ndi ndani. Titafika pamenepo polemba pepalali ndinaima, ndikudikira kuti aponya cholembera.

Iye anati, "Ndinadziwa kale, ambuya. Anzanga anandiuza ndili giredi wani. Nenani, ndilembe."

Amen.