Chimbale Chopala cha Amalume Nicanor

Kuno ku Cartagena, m'dziko la Colombia, mwini zimasipika za dansi akapeza chimbale cha ku Africa amapala dzina lake ndi mpeni kuti anzake asachipeze, ndipo Nicanor wadyera chake chopalacho zaka makumi atatu. Tsoka ilo, mphwake Deivis anagulitsa njinga yamoto n'kupita ku Kinshasa kukasaka woyimba nyimboyo, ndipo tsiku lina masana anatulukira pakhonde, chikwama chili paphewa.

"Wafika, mphwanga! Khala, udye nsomba."

"Amalume, nyimbo ija sakuidziwa."

Nicanor anatsamwa. "Unafunsa ana."

"Ndinafunsa nkhalamba. Ina inamvetsera katatu, n'kundifunsa ngati woyimbayo ankadwala."

"Nsanje basi! Nyimbo imeneyo ndi ya mkati mwa Congo. Mkatikati."

"Ndinapita mkatikati. Masiku anayi pabwato."

"Ndiye?"

"Akuti chilankhulocho si chawo. Anandimvera chisoni, n'kundipatsa nthochi."

"Aaa, ndiye kuti ndi Congo winayo, wa tsidya lina la mtsinje."

"Ndinawoloka."

"Iwe, kodi sutopa?"

"Munanena nokha kuti munthu wosadziwa kwawo kwa nyimbo yake ndi mwana wamasiye."

Ananenadi, atakhuta mowa. Ife mawu otere timangoponya kuti tioneke ozama, koma mnyamata uyu amawatola n'kuwasunga ngati vesi.

"Kwatsala ku Lagos," anatero Deivis, akutola minga. "Amayi avomera kugulitsa makina awo osokera."

Nicanor anasiya kudya. Makina amenewo ndiwo amadyetsa nyumba ya mlongo wake.

"Usapite."

"Chifukwa?"

"Woyimbayo anamwalira."

"Ndikaona manda."

"Anamira m'nyanja."

"Ndikacheza ndi mkazi wake."

"Mkazi anamuthawa kalekale, anatenga ndi firiji yomwe!"

Deivis anaika nsomba pansi. "Mwadziwa bwanji? Paja munati dzinalo munalipala musanaliwerenge."

Nicanor anasuzumira kumsewu, anasuzumira kwa aneba, kenako anakokera mpando pafupi.

"Nyimboyo tinajambulira konkuno ku Colombia, ku Barranquilla, m'galaja ya mnzanga Efraín. Gitala ndi Efraín. Mawu ndine."

"Inu?"

"Anzanga onse anali ndi zimbale za ku Africa, ine ndilibe. Ukanatani iwe?"

"Nanga chilankhulo chija?"

"Chilichonse chimene chinabwera pakamwa."

"Nanga pamene woyimba amakuwa paja? Ine ndimalira nazo, amalume. Ndimaona makolo athu ali m'sitima ya akapolo."

"Pamenepo ndinaponda waya wamagetsi."

Nicanor anachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana, ndipo anali wokonzeka kulandira chipongwe chilichonse.

"Njingayo ndikugulira ina," ananong'ona. "Koma usauze munthu. Akamva a zimasipika anzanga, ine m'dera muno ndatha."

Deivis anakanda mutu. "Apo ndiye pavuta."

"Wauza kale ndani?"

"Palibe. Koma achinyamata a ku Kinshasa nyimboyo aikonda. Akuivina paliponse. Akuti ndi kulira kwa abale awo amene anatengedwa ukapolo."

"Ayi, zimenezo n'zabwino. Azivina."

"Wina, dzina lake Fiston, wagulitsa njinga yake. Afika Lachisanu kudzasaka woyimbayo."

Nicanor anapukuta mafuta m'manja pang'onopang'ono, n'kuwongola kolala.

"Ukamuuze kuti woyimbayo ndi wa mkati mwa Colombia," anatero. "Mkatikati."