Ndinafufuta Mawu a Apongozi Anga ndi Chala Changa

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Amayi ndi abambo, moni nonse. Inu amene mwachokera ku shifiti n'kubwera kuno osagona, Mulungu akuonjezereni mphamvu.

Dzina langa ndine Limbani. Ambiri mumandidziwa ndi dzina lija munandipatsa, lakuti Bambo Foni. Sekani, palibe vuto, inenso ndinkalinyadira. Ndakhala muno mu Hull zaka zisanu, ndimagwira ntchito yoyendera okalamba m'makomo mwawo. Mkazi wanga ndi Esnati. Mukuona kuti pampando paja ankakhala, lero palibe munthu. Ndaima pano kuti ndikuuzeni chifukwa chake, pakuti ndatopa kukuyankhani kuti ali kuntchito.

Abale, ine ndinali ndi chipembedzo chachiwiri. Lamulungu ndinkabwera kuno, inde, ndinkaimba nanu. Koma mtima wanga unali ku kampani ina yopanga mafoni. Dzina lake sinditchula, ndinalitchula mokwanira. Foni yanga inali yawo. Wotchi yawo. Kompyuta yawo. Mahedifoni awo. Ngakhale mabokosi ake sindinkataya, ndinkawasanja pamwamba pa kabati ya zovala ngati zikho za mpira. Chaka chilichonse akamalengeza foni yatsopano, ndinkapempha tchuthi kuntchito kuti ndionere. Tsiku lokumbukira ukwati wathu ndinaliiwalapo kawiri, koma tsiku limenelo sindinaliphonyepo.

Tinali ndi gulu lathu pafoni. Anyamata a ku Leeds, a ku Liverpool, a muno mu Hull, Amalawi ndi a ku Zambia, tonse a foni imodzi. Ntchito yathu inali kunyoza anthu a mafoni ena. Munthu akatulutsa foni ya mtundu wina paukwati, tinkamujambula mobisa n'kuponya pagulu kuti tiseke. Ena mwa inu ndinakujambulani. A Banda, inu ndinakujambulani, mundikhululukire. Eni kampaniyo ndinkawatenga ngati abale anga, chikhalirecho sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli munthu dzina lake Limbani. Wina akainyoza, ndinkapsa mtima ngati watukwana mayi anga ondibereka.

Tsono mdani wamkulu anali m'nyumba mwanga momwe. Foni ya Esnati. Yamtundu wina, yakalekale, galasi long'aluka pakona, batire losachedwa kutha. Anabwera nayo kuchokera kumudzi. Ndinkachita nayo manyazi. Anzanga pagulu ankandiseka kuti, mlaliki wanji iwe wolephera kutembenuza mkazi wako yemwe? Ndinamunyengerera. Ndinamunyoza. Ndinamulalikira mpaka pa chakudya. Iye ankangoti, "Abambo, yangayi ikundikwanira. Isiyeni."

Chaka chathachi tinataya apongozi anga, a Nambewe, mayi ake a Esnati, kwawo ku Dedza. Ambiri munabwera kunyumba kudzatipepesa, ndipo mukukumbukira kuti Esnati sanapite. Mapepala ake a viza anali asanatuluke, ndipo akanachoka m'dziko muno kubwerera kukanavuta. Maliro a mayi ake anawaonera pafoni, atakhala pansi m'khitchini, mlamu wanga akumuonetsa kuchokera kumanda. Mukudziwa mmene zimawawira. Ena muno mwaika makolo anu mwa njira yomweyo. Ndipo ine, nditaima kumbuyo kwake, bokosi likutsitsidwa, ndinanena kuti chithunzichi chikanaoneka bwino pa foni yanga. Ndinanena ndithu. Pakamwa apa.

Chimene chinamutsalira Esnati ndi foni ijayo. Apongozi anga sankadziwa kulemba, choncho ankatumiza mauthenga a mawu. Zaka zinayi za mawu. Kumufunsa ngati wadya. Kumuuza za mbuzi, za mvula, za amene wakwatiwa ndi amene wathawa banja. Kumupempherera. Maliro atatha, Esnati ankawamvera m'basi popita kuntchito, ankawamvera akamatsuka mbale. Ine ndinkaona ndi maso awa. Koma sindinkaona mkazi wolira mayi ake. Ndinkaona foni yonyansa patebulo panga.

Itatuluka foni yatsopano, shopu ina m'tauni inalengeza kuti ukabweretsa yakale ya mtundu uliwonse akutsitsira mtengo. Ndinati basi, Mulungu wayankha. Taonani uchitsiru, abale, mpaka kulowetsamo Mulungu! M'mawa wa tsiku loyamba kuigulitsa, Esnati anali atangoweruka ku shifiti ya usiku, ali mtulo. Foni ili pa tchaja. Nambala yotsegulira ndinkaidziwa. Ndinaitenga mwakachetechete, ndikumwetulira, ndikuti akadzuka apeze mphatso. Ndinaima pamzere maola atatu pamphepo ndi anzanga, tikujambulana, tikuwombera m'manja aliyense wotuluka ndi bokosi lake. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mtsikana wa m'shopumo anagwira ntchito yake bwino, sindingamunamizire. Anasamutsa manambala ndi zithunzi. Kenako anandiuza kuti mauthenga akukana kuwoloka, popeza mafoniwa ndi a makampani osiyana, ndiponso sanasungidwe kwina kulikonse. Anati ndibwerere kunyumba, ndikafunse mwini wake, ndidzabwerenso mawa. Anandiuza kawiri. Koma mawa? Ine ndituluke wopanda bokosi la Esnati anzanga akuona, pamene ndinali nditalengeza kale pagulu kuti lero mkazi wanga akubatizidwa? Ndinayankha kuti zotsalazo ndi zinyalala. Anandipatsa foniyo kuti ndifufute ndekha, pakuti amatero pa ntchito yawo. Ndinadina ndi chala ichi. Chala ichi, abale. Sizinatenge ngakhale mphindi ziwiri.

Nditafika kunyumba ndinamudzutsa, bokosi lili m'manja, kwinaku ndikumujambula vidiyo yoti ndiponye pagulu. Anatsegula. Anayang'ana foni, anayang'ana ine. Anafunsa kuti yake ili kuti, ndipo ndinamuuza monyadira. Anayatsa yatsopanoyo n'kufufuza dzina la mayi ake. Nambala inalipo. Pansi pake panalibe kanthu.

"Abambo, Amayi ali kuti?"

Mukudziwa zimene ndinachita? Ndinayamba kumufotokozera za kamera, kuti ili ndi maso atatu, imajambula ngakhale mumdima. Sanakuwe. Sanalire. Bola akanandigenda ndi mpando. Anangobwezera foniyo m'bokosi mwake bwinobwino, n'kutseka.

"Kumudzi anawaika ine kulibe. Inu mwawaikanso ine ndili mtulo."

Ndinathamangira ku shopu. Foni yakale inali ikadalipo, anandibwezera, koma inali ngati nyumba yosamuka anthu. Ndinapita nayo kwa okonza mafoni atatu, wina mpaka ku Leeds. Onse anapukusa mutu. Tinaimbira mlamu wanga kumudzi kuti aone m'foni ya malemu. Anali ataipereka kale kwa mdzukulu, nayenso anafufuta zonse kuti apeze malo oikamo nyimbo. Madzi akatayika sawoleka.

Patatha masabata awiri, Esnati analongedza chikwama chimodzi n'kupita ku Salford kwa msuweni wake. Anapeza ntchito komweko. Foni yatsopano anaisiya pabedi, m'bokosi mwake.

Mukuganiza kuti ndinalapa pomwepo? Ayi. Ndinathamangira kwa anzanga a pagulu kukafuna chitonthozo, ndipo ananditonthozadi. Wina anati wolakwa ndi iyeyo, bwanji sankasunga zinthu zake pa intaneti. Wina anati akanakhala ndi foni yathu kuyambira kale zonsezi sizikanachitika. Wina anangoika kachithunzi koseka. Ndipo ine ndinavomereza, abale. Ndinavomereza. Ndinkadya ndekha m'nyumba yozizira ndikudziuza kuti ndinkangomufunira zabwino, iye ndiye wosayamika. Miyezi iwiri ndinakhala choncho. Mukandifunsa pano, ndinkati ali kuntchito. Ndinanama m'nyumba ya Mulungu, Lamulungu ndi Lamulungu.

Mulungu anandipeza kuntchito. Pali bambo wina wokalamba, mzungu, amene ndimamuyendera m'mawa kukamusambitsa ndi kumupatsa mankhwala. Dzina sinditchula, ntchito yathu silola. Pafupi ndi mpando wake pali foni ya m'nyumba yakalekale, yokhala ndi kamakina kaja kolandira uthenga eni nyumba akachokapo. Ndinkakaseka mumtima. Tsiku lina ndinafuna kutchaja foni yanga, ndipo ndinagwira waya wa kamakinako kuti ndizule. Bamboyo, munthu amene amatenga mphindi zisanu kuti adzuke pampando, anaimirira nthawi yomweyo. Anandigwira mkono, nati ndisazule. Kenako anadina batani. Munatuluka mawu a mayi wina, akunena m'Chingerezi kuti pepani tachokapo, siyani uthenga. Basi, mawu ake ndi omwewo. Anali mkazi wake, amene anamwalira zaka zambiri zapitazo. Anandiuza kuti amamumvera m'mawa uliwonse asanamwe tiyi, ndipo amaopa kuti kamakinako kakazima mwina mawuwo sadzabwereranso.

Mmene ndinamalizira ntchito tsiku limenelo sindikudziwa. Ndinatuluka, ndinakakhala pa siteji ya basi, ndinalira ngati mwana. Basi inabwera, inapita. Ina inabwera, inapita. Bamboyu akuteteza ndi thupi lake lonse timawu toti tachokapo. Mkazi wanga anali ndi zaka zinayi za mawu a mayi ake, ndipo ine ndinazitcha zinyalala kuti anyamata a pagulu andiwombere m'manja. Pamenepo ndinapemphera pemphero loona, loyamba m'zaka zambiri. Sindinapemphe kuti Esnati abwerere, ndinalibe nkhope yopemphera zimenezo. Ndinangoti, Ambuye, ndine wakuba, ndipo chimene ndinaba sindingathe kubweza.

Ine ndinkayesa mafano ndi zosema za mitengo. Langa ndinkayenda nalo m'thumba, ndipo ndinaliperekera nsembe ya mtima wa mkazi wanga.

Ndinatuluka pagulu tsiku lomwelo, ndipo palibe amene anandifunafuna. Mabokosi aja ndinakawataya. Foni ndikadali nayo, ndi yoimbira ndi yogwirira ntchito, sindikunena kuti foni ndi tchimo. Chaka chino atalengeza yatsopano ndinali pa shifiti, ndinamva patapita masiku.

Ndinayamba kuimba kumudzi. Abale, anansi, amayi a kwaya imene apongozi ankaimbamo, anthu ojambula maukwati pa boma. Funso langa linali limodzi: kodi muli ndi kalikonse komwe mukumveka mawu a Nambewe? Ena ankayesa ndapenga. Ena ankalonjeza n'kuiwala. Patatha miyezi inayi, mphunzitsi wina ananditumizira vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wake. Apongozi sakuonekamo n'komwe. Koma chakumbuyo, kwa ophika, akumveka akukalipira munthu kuti achotse nkhuni zaziwisi pamoto, utsi ukulowa m'maso mwa alendo. Kenako akuseka. Ndinawerenga, ndi masekondi asanu ndi anayi.

Ndinakwera sitima, kenako basi, mpaka ku Salford. Esnati ananditsegulira chitseko koma sanandiuze kuti lowani. Ndinagwada pakhomo pomwepo. Ndinapepesa, kwa nthawi yoyamba popanda kudziikira kumbuyo. Ndinamupatsa foni. Anamvera. Anabwereza. Anabwereza mwina kakhumi, ataigwira pakhutu ndi manja awiri, misozi ikutsika. Ine mtima unayamba kukhala pansi, ndikuti mwina ndakonza. Ndiye anandiyang'ana.

"Ndi Amayi ndithu, zikomo. Koma apa sakulankhula ndi ine."

Abale ndi alongo, ndinadzuka n'kubwerera kuno ndekha.

Moyo wanga lero uli chonchi. Esnati akadali ku Salford. Anandikhululukira, ananena yekha ndi pakamwa pake, koma anati kukhala nane nyumba imodzi sanakonzeke. Sindimukakamiza, zokakamiza ndinachita zokwanira. Loweruka ndikakhala kuti sindili pa shifiti ndimapita. Timamwa tiyi msuweni wake ali pomwepo, amandifunsa za ntchito, ndimamufunsa za ntchito, kenako ndimabwerera kuno ndekha. Zimandiwawa, sindikubisirani. Ndimamusowa mkazi wanga tsiku ndi tsiku.

Komabe ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza chifukwa chitseko chija amanditsegulira. Ndikuthokoza chifukwa ananditsegula maso ndisanawononge zambiri. Ndikuthokoza Abusa, amene ndinawauza zonsezi sabata yatha ndipo sanandithamangitse.

Mutipempherere, ine ndi Esnati. Ndipo ndili ndi pempho limodzi. Ngati muno muli wa ku Dedza, kapena muli ndi m'bale kumeneko, mundifunsireko. Vidiyo ya ukwati, ya maliro, ya kwaya, ngakhale yosaoneka bwino. Ndikufuna pamene a Nambewe akuitana dzina lakuti Esnati, ngakhale kamodzi kokha. Tikaweruka ndiima pakhomo paja kukudikirani.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.