Lachisanu la Poso ku Wusakile

Chaka chija mvula inagwetsa mpanda wathu kuno ku Ipusukilo, mpamene ndinadziwa kuti Kitwe ndi matauni awiri: yanu iyi ya maminibasi, ndi ina yakale ili pansi pake, kumene agogo anu aakazi, amake Tereza, anabwerera mutu utayamba kuiwala.

Lachisanu lina m'mawa anasowa. Amalume anu anathamangira kuchipatala, kupolisi, kumsika, chithunzi chili pa foni, koma mpaka fotini awazi, dzuwa litapendeka, panalibe anawaona. Ndinachita mantha, adzukulu anga, chifukwa mankhwala a shuga anali asanamwe, ndipo malole a masiku ano sadziwa nkhalamba. Koma nditaona kuti beseni lawo loyera lakalekale mulibe m'nyumba, ndinauza amalume anu kuti akufunafuna m'tauni yolakwika.

Inu simudziwa, kale Lachisanu linali la poso. Akazi a ife a mumgodi ankafola ku Wusakile ndi mabeseni kulandira ufa, nyemba ndi nyama, osati lero loti ngakhale mchere mugule. Ndinakwera basi, ndipo kondakitala akufuula masiteji a lero, ine ndinkawerenga akale: apa panali mpopi wa akazi, apo bwalo limene ife a kum'mawa tinkavinira. Nditati nditsike, kondakitala uja anandiseka m'Chibemba kuti ba shikulu, ndiye kuti agogo, asokonezeka, pano palibe siteji. Ndinangoti mwana iwe, fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Pamalo a poso paja lero amatsukirapo magalimoto. Ndinawapeza agogo anu ataima pamenepo, beseni m'manja, mapazi atatupa. Ndinawaitana, koma anandiyang'ana ngati mlendo.

"Bambo, folani kumbuyo," anatero. "Amuna anga atuluka pansi ndi njala, musandilowerere."

Zinandiwawa, sindinama. Ndinafuna kunena kuti mwamunayo ndine, koma amene ankamudikira iwo anali wa mano onse. Ndiye ndinafola kumbuyo kwawo, dzuwa likutiotcha tonse, mpaka ndinanong'oneza mayi wina wa pa kantemba kogulitsira zakudya kuti atithirire ufa m'beseni. Atalandira anasenza, nandipempha kuti ndiwaperekeze kunyumba, chifukwa ndikuoneka munthu waulemu.

Tsono mawa akakufunsani ngati agogo anu aamuna atuluka mumgodi, musawaseke, ndipo musaloze ine. Muziwauza kuti ali m'njira, akubwera.