Mpando Wotentha

Pa siteji ya kabaza ku Nsaru, mayi wina atangotsika njinga yamoto anatembenukira bambo amene anaima pambali pake.

"Bambo, kodi mpando wa njinga umatentha chonchi? Ndimamvanso fungo la pulasitiki wopsa."

"Munakwera iti? Ya wailesi ija?"

"Eya, ya magetsi obiriwira."

"Mayo ine! Ndinaona akulumikiza mawaya ake. Fyuzi inkangopsa, ndiye mwini wake anaichotsa n'kuikapo waya. Molumikizamo anangokulunga ndi jumbo, pansi penipeni pa thanki ya petulo."

"Ndiye ikhoza kuyaka, eti?"

"Ine sindingakwere ngakhale mwaulere. Thokozani Mulungu kuti mwatsika, mayi."

"Ine ndatsika, inde. Koma yabwerera kumudzi kukatenga amayi anga. Miyendo yawo sigwira, ndiye timachita kuwamangirira kumsana kwa woyendetsa ndi chitenje."